Kaundula wa ojomba: momwe ntchito ikuyendera pa sukulu ya Chiyuda ku Barnet, 2024/25

Lachitatu, 4 Seputembala 2024

Sukulu yatsegulidwa lero ndipo ahedi andisenzetsa ntchito ina pamwamba pa yanga. Chaka chino ndiziyang'anira nkhani ya kujomba kwa ana a Year 7 ndi Year 8, a zaka 11 mpaka 13, ndipo mu Julayi ndikapereke lipoti ku bodi ya sukulu. Ndaganiza zomalemba pang'onopang'ono, chifukwa lipoti lolemba usiku umodzi kumapeto kwa chaka limangotola zokoma zokhazokha. Dzina la sukulu sinditchula. Mayina a ana ndi makolo awo ndiye ayi ndithu.

Kwa amene simukudziwa kuno, Barnet ndi dera la kumpoto kwa London komwe kuli Ayuda ambiri kuposa dera lina lililonse ku Britain. Kalembera wa 2021 anapeza kuti pa anthu 7 alionse a kuno, mmodzi ndi Myuda. Sukulu yathu ndi ya Ayuda a Orthodox koma ndalama zoyendetsera zimachokera kuboma, ndiye otiyendera ali pawiri: a Ofsted amadzaona maphunziro wamba ndi chitetezo cha ana, a Pikuach amadzaona maphunziro a Chiyuda. Mwana nayenso amasenza mitolo iwiri tsiku lililonse. Pali Chol, zomwe mwana aliyense wa ku England amaphunzira, ndiye pali Kodesh, momwe muli Chiheberi, Torah (mabuku asanu a Mose), Mishnah (buku la malamulo akale a Chiyuda) ndi mapemphero. Ine si Myuda. Ndinaphunzitsa sitandade 5 ku Dedza zaka 6 ndisanabwere kuno.

Malamulo a kujomba akhwima kuyambira pa 19 Ogasiti. Mayina amaitanidwa kawiri pa tsiku, m'mawa ndi masana, ndipo mwana aliyense amene palibe amalembedwa chilembo chosonyeza chifukwa: I ngati akudwala, R ngati ndi tsiku la chipembedzo, G ngati makolo apita naye kokayenda opanda chilolezo, U ngati wafika kaundula atatsekedwa kale. Mwana akajomba popanda chifukwa chovomerezeka maulendo 10 m'masabata 10, sukulu iyenera kuganizira za chindapusa cha £80 kwa kholo lililonse, chomwe chimafika £160 ngati sichinalipidwe pa masiku 21. Wojomba masiku 10 pa 100 alionse boma limamutcha wojomba mobwerezabwereza. Pa chaka cha masiku 190, amenewo ndi masiku 19.

Ndayamba ndi mndandanda wa ana 17 omwe chaka chatha anadutsa malire amenewo.

Lolemba, 30 Seputembala

Ntchitoyi singagwirike osadziwa kalendala ya Chiyuda. Rosh Hashanah, chaka chatsopano cha Ayuda, ili Lachinayi ndi Lachisanu sabata ino, Yom Kippur, tsiku la chitetezero, pa 12 Okutobala, Sukkot, chikondwerero cha misasa, iyamba pa 17 ndipo zikondwerero zidzatha pa 25. Sukulu yonse imatseka, choncho chilembo cha R sitichigwiritsa ntchito kwenikweni kuno, kusiyana ndi mwana wa Chiyuda amene ali pa sukulu wamba. Koma masiku otsekawa amachepetsa masiku ophunzira a teremu ino, ndiye mwana akangogona ndi chimfine masiku 4, kompyuta imamuika kale pa mzere wofiira. Ndawauza ahedi kuti manambala a Okutobala tisawakhulupirire kwambiri.

Pa masiku opatulikawa mabanja ambiri sagwira foni n'komwe, ngati pa Shabbat, Sabata la Ayuda. Chaka changa choyamba ndinaimbira banja lina kanayi tsiku lachiwiri la Sukkot, n'kumadandaula kuti anthu amenewa ndi amwano.

Lolemba, 7 Okutobala

Lero patha chaka chichitikireni chiwembu cha Hamas ku Israel. Pageti alonda awonjezeredwa, ndipo makolo ena ongodzipereka, ophunzitsidwa ndi a Community Security Trust, aima m'mbali mwa msewu atavala majekete owala. Bungwe limeneli linalemba nkhani zoposa 4,000 za chidani kwa Ayuda ku Britain mu 2023 mokha. Ana athu ena amavula bleza ya sukulu akamakwera basi, anyamata amabisa kippah, kachipewa ka Chiyuda, pansi pa kapusi.

Ana 6 a m'makalasi anga sanabwere. Ndaimbira makolo onse. Mayi mmodzi wangoti, "Sindikanatha kumukweza basi lero, mundimvetse." Pa zilembo zonse za boma palibe cholembedwa kuti mantha. Ahedi avomera kuti tiike C, chilembo cha zochitika zapadera, lero lokha basi.

Lolemba, 28 Okutobala

Tatsegulanso pomwe sukulu zina za m'dera lino zikuyamba tchuthi cha pakati pa teremu. Chathu tinadyera ku Sukkot. Mabanja awiri atsakamira ku Israel chifukwa makampani angapo a ndege anaimitsa maulendo a ku Tel Aviv Iran itaponya mizinga pa 1 Okutobala. Amenewa vuto si lawo. Banja lachitatu linanyamuka kutatsala masiku awiri kuti titseke, pothawa mtengo wa matikiti. Ameneyo wapatsidwa G, ndipo bambo ake andilembera imelo yaitali yomwe sindiibwereza pano.

Lachiwiri, 12 Novembala

Lero ndapeza chinthu, ndipo ndachipeza nditasiya kuyang'ana maperesenti n'kusindikiza kaundula yense papepala, sabata ndi sabata, monga tinkachitira kwathu ndi rula ndi cholembera chofiira.

Pali mnyamata wa Year 8, wa zaka 12, yemwe ali ndi ma U 9. Limodzi lokha latsala kuti tiyambe kukamba za chindapusa. Sajomba tsiku lathunthu. Amafika cha m'ma 9:40, kaundula wa m'mawa atatsekedwa, zomwe kwa boma ndi chimodzimodzi kujomba theka la tsiku. Ma U onsewo ali Lolemba ndi Lachinayi. Lachiwiri, Lachitatu ndi Lachisanu mwanayu amafika belu lisanalire.

Ine ndinayamba kuganiza za basi, kapena kuti mwina amagona kwa kholo lina masiku amenewo. Nditamuonetsa pepalalo mphunzitsi mnzanga wa Kodesh, sanatenge ndi mphindi yomwe. Lolemba ndi Lachinayi ndi masiku omwe mpukutu wa Torah umatulutsidwa n'kuwerengedwa pa mapemphero a m'mawa, mwambo wakalekale wa m'masunagoge. Pa sukulu yathu, mapempherowo akatha, anyamata omwe bar mitzvah yawo (mwambo wolowera ukulu pachipembedzo akakwanitsa zaka 13) yayandikira amatsalira ndi rebbe, mphunzitsi wa zachipembedzo, n'kumawerenga gawo lawo mokweza, mmodzimmodzi, anzawo akumva. Bar mitzvah ya mnyamata wathuyu ili mu Meyi. M'zolemba zino ndizimutcha Wa Lolemba.

Lachinayi, 21 Novembala

Ndinamudikirira pageti. Anatulukira 9:35 akuyenda ngati munthu wopita kokabweza ngongole.

"Iwe, basi yako yavuta?"

"Ayi Miss, m'mimba."

"M'mimba mwakomo mumadziwa masiku a sabata?"

Anaseka pang'ono, kenako misozi inalengeza. Tinakakhala mulaibulale. Zomwe anandiuza n'zakuti amatsika basi kutatsala siteji imodzi n'kumazungulira m'paki mpaka ataona kuti zowerenga zatha. Mayi ake amadziwa kuti ali kusukulu. Akuti akayang'ana tsamba la Chiheberi zilembo zimafanana zonse, ndipo mu Seputembala anakakamira pa liwu limodzi mpaka mnzake wina anamumalizira, kalasi yonse n'kuphulika.

Ndinamupempha andiphunzitse, popeza ine Chiheberi sindichidziwa. Anandionetsa. Zilembo zilipo 22, zimawerengedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndipo 5 mwa izo zimasintha maonekedwe zikakhala kumapeto kwa liwu. Dalet ndi resh zimasiyana kangodya kokha. He ndi chet zimasiyana kampata kakang'ono. Shin ndi sin ndi chilembo chimodzi, kusiyana kwake kadontho kali kumanja kapena kumanzere. Mavawelo si zilembo ayi, ndi timadontho ndi timizere ta pansi ndi pamwamba, totchedwa nekudot. Ndiye choopsa chenicheni n'chakuti mumpukutu wa Torah, womwe adzawerengemo mu Meyi pamaso pa agogo ake ndi sunagoge yense, timadonthoto mulibe, ngakhale zizindikiro za kaimbidwe mulibe. Wowerenga amayenera kuzisunga pamtima.

Zinandikumbutsa ana anga a ku Dedza. Mpaka sitandade 4 amaphunzira m'Chichewa, sitandade 5 zonse n'kusanduka Chingerezi, ndipo ena omwe ankaoneka ochenjera ankayamba kudwala mutu tsiku lililonse lowerenga pamaso pa anzawo. Tinkawapatsa chibalo chosesa. Ndimachita manyazi ndikakumbuka.

U wa lero ndi wa nambala 10. Ndalemba kwa ahedi kuti chindapusa chisaperekedwe. Malangizo a boma omwewo amati thandizo liyambe. Ndipo popeza mwana wa zaka 12 wakhala akuyendayenda yekha m'paki popanda wamkulu aliyense kudziwa, ndadziwitsanso mkulu woona za chitetezo cha ana. Mayi ake taimbira masana omwewa.

Lachiwiri, 3 Disembala

Msonkhano wa anthu atatu: ine, a SENCO omwe amaona za ana ovutika kuphunzira, ndi a rebbe. A SENCO anabwera ndi fayilo. Pa mayeso a Chingerezi mwanayu amakhoza ndithu, ngakhale amamaliza womalizira ndipo masipelo ake ndi a mtundu wakewake. N'chifukwa chake palibe anamukayikira. Chingerezi amachilankhula, ndiye akaona zilembo ziwiri zoyamba amalota liwu lonse. Chiheberi cha m'Baibulo sachilankhula, kulota sikutheka.

Apa pali dzenje lomwe ndidzalilembe mu lipoti. Zoyezera kuwerenga zonse zomwe sukulu imagwiritsa ntchito ndi za Chingerezi, ndipo zotsatira zake zimakhala mu ofesi ya a SENCO. Aphunzitsi a Kodesh ali ndi mabuku awoawo. Mbali ziwirizi zimadyera m'chipinda chimodzi cha aphunzitsi koma sizinakhalepo pansi kuyerekeza zolemba za mwana mmodzi. A rebbe anavomera mosabisa kuti iwo ankangoti mwanayo sakonzekera kunyumba. Anakhala chete kanthawi, kenako n'kutchula m'Chiheberi vesi la pa Miyambo 22:6, lija la kuphunzitsa mwana, n'kundifotokozera kuti mawu akewo amati monga mwa njira ya mwanayo. Akuti vesi limeneli aliphunzitsa zaka zambiri.

Tagwirizana kuti kuwerenga pamaso pa anzake kuime. Aziwerenga ndi a rebbe awiriwiri, mphindi 15, nthawi ya nkhomaliro.

Lachisanu, 13 Disembala

Dzuwa lalowa 4 koloko isanakwane. Shabbat imayamba dzuwa lisanalowe, choncho nyengo yozizira ino Lachisanu timaweruka 1 koloko kuti aliyense akafike kunyumba, akasambe, makandulo akayatsidwe. Kwa mabanja ena tsiku lalifupi chonchi silioneka ngati tsiku la sukulu.

Pa mndandanda wanga pali mtsikana wa Year 8 amene wajomba Lachisanu kasanu teremu ino. Ndi woyamba pa ana 7, ndipo mayi ake ali ndi khanda. Foni ya m'mawa imati akudwala. Lolemba amabwera wathanzi, zala zili ndi mabala a mpeni wosendera mbatata. Zimenezi sindifunika kuuzidwa ndi munthu. Kwathu atsikana ankasowa tsiku la msika ndi tsiku lopita kuchigayo. Lamulo la 2014 la ana ndi mabanja limapatsa mwana wosamalira anthu kunyumba ufulu woti khonsolo iunike zosowa zake, koma nditangotchula khonsolo mayiwo mawu anasintha. Akuopa kulandidwa ana. Ndabwerera m'mbuyo. Ndapempha akazi a rabbi wa sukulu kuti ayankhule nawo za gulu la amayi lomwe limaphikira mabanja omwe ali ndi makanda. Tiona.

Lachiwiri, 14 Januwale 2025

Ndalakwitsa, ndipo ndilemba.

Mtsikana wina wa Year 7 bambo ake anamwalira tchuthi chikutha. Ayuda sachedwetsa maliro, amaika mwamsanga, kenako ofedwa amakhala m'nyumba masiku 7 osapita kuntchito kapena kusukulu. Amati shiva, kutanthauza 7. Ofesi inadziwa, ahedi anadziwa, ine ndinadziwa. Koma sindinasinthe zilembo mukompyuta nthawi yake, ndipo makalata omwe amatuluka okha Lachisanu anatuluka. Mayi wamasiye analandira kalata yokumbutsa za ubwino wobwera kusukulu tsiku lililonse, pansi pali dzina langa.

Ndinapita ndekha kukapepesa shiva isanathe. Ofedwa anali pa timipando tatifupi, magalasi a m'nyumba ataphimbidwa ndi nsalu, chitseko chosakhoma, anthu akulowa ndi kutuluka ndi mbale za chakudya. Mlendo sayamba kulankhula, amadikira wofedwa. Ndinakhala pamenepo n'kumaganiza kuti ndili kusiwa kwathu, ngakhale mawu awiriwa akungofanana kamvekedwe chabe. Mayiwo atandiyang'ana ndinanena mawu omwe Ayuda a kuno amanena, owafunira moyo wautali, kenako ndinapepesa za kalata. Anati anaiona, anaiika pansi pa mbale ya makeke.

Kuyambira lero palibe kalata yotuluka ndisanaione ndi maso anga. Mwanayo wabwerera dzulo. Tamupatsa khadi loti akafuna kutuluka m'kalasi angoliika patebulo, osafotokoza. Maliro a kholo mwambo wake umapitirira chaka chathunthu, ndiye ndauza aphunzitsi a nyimbo ndi okonza za chikondwerero cha Purim kuti asamukakamize.

Lachiwiri, 4 Febuluwale

Mayi a Wa Lolemba anabwera okha. Kuchedwa kunatha kuyambira Disembala, koma a SENCO akufuna katswiri amuyeze ngati ali ndi dyslexia, vuto lovutika kuwerenga ndi kulemba, ndipo pakufunika siginecha ya kholo. Fomuyo yakhala m'chikwama mwawo milungu 7.

Poyamba ankati bambo ake sanaione. Kenako anafunsa funso lenileni: zikalembedwa, adzaziona ndani? Ali ndi ana aakazi awiri akuluakulu, wamkuluyo watsala pang'ono kufika pa shidduch, pomwe mabanja amafufuzana ana asanakumane n'komwe. Anthu amaimbirana mafoni, amafunsa aphunzitsi, aneba, a rabbi. Iwo akuopa kuti kukamveka zoti m'banjamo muli vuto, ovutika adzakhala atsikanawo.

Sindinawaseke, ndipo amene akuwerenga asawaseke. Ankhoswe kwathu amafunsa zomwezo, kuti kubanjako kulibe khunyu, kulibe misala? Ndinangowauza zoona: lipotilo limakhala mu fayilo ya sukulu, lamulo silitilola kulionetsa munthu wakunja, ndipo mwana wawo wanyamula kale dzina loipa kuposa limeneli, la waulesi, lomwe anzake onse akulidziwa. Ndinati, "Mayi, dzina limodzi lili ndi thandizo, linalo lilibe." Sanasaine pomwepo. Anati akafunsa kaye rabbi wa sunagoge wawo. Lachinayi fomu inabwera yosainidwa.

Lachitatu, 12 Malichi

Katswiri watsimikiza kuti ndi dyslexia. EHCP, chikalata cha khonsolo cha thandizo lapadera la mwana, sichikufunika, sukulu ikhoza kumuthandiza ndi zomwe ili nazo. Ndi mwayi, chifukwa mwana wina wa pa mndandanda wanga, yemwe ali ndi autism, vuto lokhudza kulankhulana ndi kucheza ndi anthu, pempho lake ladutsa kale masabata 20 omwe lamulo limapereka ndipo tikudikirabe. Ameneyo amabwera m'mawa mokha, ndipo peresenti yake ndi yomwe ikukokera pansi gulu lonse.

A rebbe achita zomwe sindinayembekezere. Ajambulitsa tsamba la mwanayu pa pepala lalikulu lachikasu, mizere yotalikirana, dalet ndi resh atazipaka mitundu yosiyana. Adzijambula okha mawu akuimba ndime iliyonse pang'onopang'ono, mwanayo amamvera kunyumba. Amagwiritsa ntchito tikkun, buku lomwe mbali imodzi lili ndi timadontho, mbali inayo lili ngati mumpukutu, n'kumasamuka mzere umodzi pa sabata. Chachikulu n'chakuti afotokozera bambo ake kuti lamulo la Chiyuda silikakamiza mwana kuwerenga gawo lonse la sabata, chizolowezi chabe. Bamboyo anawerenga gawo lonse pa bar mitzvah yawo, agogo chimodzimodzi. Sizinawakomere kumva.

A SENCO ndi aphunzitsi a Kodesh ayesa ana onse a Year 7 kuwerenga Chiheberi mphindi imodzi aliyense. Apezeka ena 4 ofunika kuwayang'anitsitsa. Awiri mwa iwo ali kale pa mndandanda wanga.

Lachisanu, 14 Malichi

Purim. Ahedi avala ngati nthochi. Pa Lachisanu lonse la chaka chino, lero ndi pomwe kaundula wadzaza, ndi mtsikana wa mbatata uja yemwe.

Lolemba, 28 Epulo

Pesach, Pasaka wa Ayuda, yatha pa 20. Mabanja atatu anawonjezera masiku kumapeto. Limodzi lafika pa malire a chindapusa ndipo nkhani yapita kukhonsolo. Apa ndilibe chisoni. Chifukwa chawo ndi mtengo wa ndege basi.

Lachinayi, 15 Meyi

Banja linasankha kuti Wa Lolemba awerenge kusukulu lero, pa mapemphero a Lachinayi pomwe gawo lowerengedwa ndi lalifupi, ndipo Loweruka kusunagoge akangonena madalitso okha. Ndinaima kumbali ya amayi, kuseri kwa chotchinga, pafupi ndi mayi ake. Sindinamve liwu ndi limodzi lomwe. Ndinangoona kuti penapake anaima, chala chasiliva cholozera chili pamalo amodzi, a rebbe osamuthandiza, anyamata ali zii. Anapitiriza yekha. Atamaliza anzake anamugenda ndi maswiti monga mwa mwambo, ndipo imodzi inandipeza pamphumi.

Lolemba lotsatira anachedwa mphindi 10. Basi inavutadi, ndinafufuza.

Lachisanu, 18 Julayi

Lipoti ndapereka. Pa ana 17 aja, 9 atsika pansi pa malire a boma, 6 akadali pamwamba, 2 anasamuka. Awonjezekapo ena 5 omwe mu Seputembala sanali pa mndandanda. Wa Lolemba peresenti yake ya chaka chonse ikuonekabe yonyansa chifukwa cha teremu yoyamba, ndipo mmodzi wa a bodi anafunsa chifukwa chake ndamuika m'gulu la zomwe zayenda bwino. Ndinawaonetsa pepala la rula ndi cholembera chofiira lija.

Mtsikana wa Lachisanu sizinathe. Amayi ophika anathandiza miyezi iwiri, chilimwe Shabbat ikuyamba mochedwa anabwera bwinobwino, koma ndikudziwa kuti mawotchi akadzabwezedwa kumapeto kwa Okutobala tidzayambiranso. Ndapempha kukumana ndi makolo onse awiri sabata yoyamba ya teremu, dzuwa lisanayambe kufupika.

Bodi yavomera zinthu ziwiri pa zitatu zomwe ndinapempha: kuyesa Chiheberi ana onse a Year 7 mwezi woyamba, ndi msonkhano wa a SENCO ndi aphunzitsi a Kodesh kamodzi pa mwezi. Wothandizira kuwerenga wodziwa Chiheberi akuti ndalama palibe.

Chaka chikubwerachi Rosh Hashanah ili pa 23 ndi 24 Seputembala, Lachiwiri ndi Lachitatu. Yom Kippur ili Lachinayi pa 2 Okutobala, Sukkot iyamba Lachiwiri pa 7. Zonse zagwera pakati pa sabata, ndiye padzakhala timasiku tapakati tambiri tomwe makolo adzayesedwe kungotilumpha. Kalata yowachenjeza ndailemba kale, ituluka pa 1 Seputembala. Mafayilo a ana atsopano ochokera kupulaimale afika dzulo, ali m'makatoni awiri pansi pa desiki yanga.